Amene Anasankha Masiku Asanu

Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito, munthu amene anandilakwira koposa ndi Ba Habeenzu, mwini ofesi ya alendo imene inali pa msewu wa Mosi-oa-Tunya. Anaimirira pa maliro a mlamu wanga Mubita, pamaso pa mlongo wanga Esinati, n'kunena kuti ine ndi amene ndinasankha anthu amene anakamufetsa kuphiri. Linali bodza. Chifukwa cha bodza limenelo, azakhali anu anatha zaka ziwiri osandiyankha ngakhale moni. Ndikulemba tsopano nditapuma ntchito, mawondo atatha, kuti inu ana anga musadzaimve nkhaniyi kwa anthu ena itapindika. Ndilembanso changa, chifukwa nanenso chilipo chimene ndinalakwa.

1991

Sukulu ndinalekeza giredi seveni. Mphunzitsi anandimenya chifukwa cha mlandu wa mnzanga, ine ndinamulanda ndodo n'kuithyola, basi ulendo wa sukulu unathera pomwepo. Nthawi imeneyo mafakitale a mu Livingstone ankatsekedwa imodzi ndi imodzi, ndipo azibambo a mabanja ankangokhala pansi pa mitengo ku Dambwa. Ntchito imene inalipo kwa mnyamata wopanda pepala inali ya kumtsinje. Azungu ankabwera kudzayenda pa mabwato a mphira kumunsi kwa mathithi, m'chiphompho cha Batoka chimene tonse tinkangochitchula kuti goji. Ife tinali onyamula. M'mawa kutsitsa mabwato, mapampu ndi zakudya, madzulo kuzikweza. Bwato likaphwetsedwa n'kupindidwa limalemera ngati ng'ombe yonyowa, ndipo njira yake inali makwerero a mitengo yomangidwa ndi waya. Nsapato sankatipatsa. Ena tinkavala za matayala, ena mapazi okhaokha.

M'goji munali lamulo losalembedwa, ndipo ndikufuna mulimvetse chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Munthu sankakhala pansi m'njira, ndipo sankanena kuti watopa kapena kuti penapake pakupweteka. Ukakhala pa mwala, sabata yonse anzako ankakuitana kuti ba ambuya, ndiye kuti agogo, n'kumakufunsa ngati akubweretsere ndodo. Kapitawo akamva, mawa lake dzina lako silinkaitanidwa. Choncho tinkasanza kuseri kwa chitsamba, kupukuta pakamwa, n'kubwerera m'njira tikuimba. Mwamuna ankadziwika ndi liwiro. Tinkapitirira azungu akupuma wefuwefu opanda kanthu m'manja, ife bwato lili pamutu, n'kuwapatsa moni mwadala.

Wothamanga kuposa tonse anali Mubita, mnyamata wamtali wa mtundu wa Alozi, woseka nthawi zonse. Tsiku lina ndinaterereka n'kung'ambika msongolo. Anandibereka mpaka pamwamba, kenako anatsikanso kukatenga katundu wanga kuti kapitawo asadziwe. Ndiye anandiperekeza kunyumba ku Dambwa North, kumene anapeza Esinati akuchapa. Kuyambira tsiku limenelo chilonda changa chinkayenderedwa kawiri pa tsiku. Chitapola, ndinamufunsa kuti nanga tsopano akudzaona chiyani.

"Mulamu," anatero, "chilonda cha Muchewa sichipola bwino. Nifunika kuchilonda."

Anakwatirana chaka chotsatira.

1994

Ba Habeenzu ananditenga kumtsinje chifukwa cha Chizungu chimene ndinatola kwa alendo. Kulankhula ndinkatha, kulemba ayi, ndipo chimenecho ndinkachibisa ngati nthenda. Ntchito yanga inali kudikira mabasi ndi anthu owoloka malire, kuwakopa kuti adzalembetse za mtsinje kwathu. Mubita nayenso anali atakwera, ankapalasa bwato la kampani imene Ba Habeenzu ankatumizako alendo. Bwanayo anali munthu wofatsa pakamwa, wa tayi ngakhale mu Okutobala, mkulu wa mpingo. Sindinamumvepo akukalipa. Akafuna kukupweteka ankatsitsa mawu.

Alendo ambiri akachoka kwathu ankalowera ku Tanzania kukakwera phiri la Kilimanjaro, ndipo ankatifunsa ngati tikudziwa anthu abwino okawatsogolera. Ba Habeenzu anaona mwayi. Anaganiza zogulitsa mtsinje ndi phiri pamodzi, ndipo gulu lililonse lizipita ndi munthu wathu mmodzi wowaperekeza mpaka pamwamba. Analemberana mafakisi ndi makampani awiri a ku Moshi, tawuni ya m'munsi mwa phirilo. Koma pepala silionetsa nkhope. Anafuna munthu wokaona ndi maso, ndipo anasankha ine.

"Iwe uziba kukwela," anatero. "Ukaone bwino. Amene uzasankha, ndiwe uzayenda nao."

Sindinagwire pansi. Ine wa giredi seveni, kupatsidwa pasipoti!

1995, kumayambiriro

Ndinakwera basi mpaka ku Kapiri, sitima mpaka ku Dar es Salaam, basi inanso mpaka ku Moshi. Phirilo ndinaliona m'mawa wa tsiku lachiwiri mitambo itang'ambika. Ndinali kuliyang'ana pamene phiri limayenera kuthera, koma lokha linali pamwamba pa mitamboyo, loyera mbee. Ndinachita kaye mantha, kenako ndinadziuza kuti ndi goji yotembenuzidwa basi.

Kampani yoyamba inali ndi ofesi yagalasi, zithunzi khoma lonse, anyamata a majekete ofanana. Anandipatsa chakumwa chozizira. Ulendo wawo unali wa masiku asanu, kukwera ndi kutsika. Nditawauza za ntchito yanga yakale, mmodzi anandigwira katumba wa mwendo n'kuitana anzake kuti adzaone. Anati anthu ngati ife tikhoza kumaliza masiku anayi. Ndinatuluka mutu utakula.

Yachiwiri ndinachita kuifunafuna. Inali kuseri kwa sitolo ya simenti, chipinda chimodzi, ndipo pakhomo panapachikidwa sikelo yoyezera katundu wa onyamula. Mwiniwake anali mkulu wina wowonda dzina lake Mzee Tarimo. Ulendo wake unali wa masiku asanu ndi awiri, ndipo tsiku limodzi anthu ankagona kawiri pa msasa womwewo osapita patsogolo. Sanandipatse chakumwa. Anati ndibwere mawa tikayende m'nkhalango ya m'munsi, andione. Ndinadabwa kuti ine wobwera kudzayesa ndi amene ndikuyesedwa.

Mayendedwe ake anali ngati a anthu operekeza maliro. Phazi apa, phazi apa. Ndinamupitirira. Anandiitana n'kuloza kumbuyo kwake. Ndinapirira pang'ono, ndinamupitiriranso. Ulendo wachitatu anaima, anakhala pa muzu wa mtengo, n'kundiuza kuti nanenso ndikhale. Ndinakana. Tinkalankhula Chizungu chothyokathyoka tonse awiri, koma zimene ananena ndikuzikumbukira bwino lomwe.

"Mwana wanga, anthu amene ndawatsitsa pa machira si nkhalamba. Nkhalamba zimamvera. Ndi anyamata amphamvu ngati iwe. Kumwamba kuja mpweya ndi wochepa, ndipo thupi limafuna masiku kuti lizolowere. Mphamvu sizithandiza. Mutu ukayamba kuwawa, unene. Ukasanza, unene. Ukayamba kutsokomola, mankhwala ndi amodzi okha, kutsika nthawi yomweyo. Iwe ndikukuona, sunganene. Ndikadzakutenga, udzayenda kumbuyo kwanga ndipo sudzanyamula kanthu."

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti ine ndimatuluka m'Batoka bwato lili pamutu, kuti iye sangathe ngakhale theka la njira imeneyo, kuti akuchedwetsa anthu mwadala. Anangondiyang'ana. Ndinatsika ndekha, osatsanzika.

Sitima ya kubwerera inatha masiku awiri ndi theka, ndipo munthu sungakwiye nthawi yonseyo. Mkwiyo utaphwa ndinatsala ndi zimene ndinaona. Onyamula a kampani yoyamba ndinawaona pa lole, atavala nsapato za pulasitiki ndi mabulangete ong'ambika, pamene a mkulu uja anali ndi majombo, akale koma majombo. Anyamata aja anandifunsa za miyendo yanga yokha. Mkulu uja anandiuza chimene ndili, ndipo sananame, chifukwa ndinkadziwa ndekha kuti sindikananena. Pofika ku Kapiri ndinali nditameza malovu owawa. Ndinasankha munthu amene anandinyoza.

Ba Habeenzu anandilandira ndi pepala ndi cholembera, kuti ndilembe lipoti. Ndinakankha pepalalo, ndinati ndinena pakamwa. Muofesi tinali awiri okha. Ana anga, mukandiona ndikukakamira za sukulu, muzikumbukira pepala limenelo.

Ndinafotokoza zonse, za mpweya, za mutu, za tsiku logona kawiri. Anamvetsera akusewera ndi kapu ya tiyi.

"Seveni dezi? Lakisoni, muzungu ali na holide ya masabata awili chabe. Mtsinje, sitima, phili. Izakwana bwanji?"

"Ba bosi, mudala uja aziba nchito. Aja benangu ni masiteji chabe, bongozionesela."

"Bananitumila fakisi aja ba faivi dezi. Bakuti unabakondwelesa maningi. Mudala wako sanalembe na kalata."

"Sangalembe, tinayambana."

"Waona manje? Ufuna nipeleke alendo kuli munthu wamene wayambana naye." Anatsitsa mawu. "Kamba chabe zoona, mwana wanga. Unaona chipale chofewa pamwamba pa phili, wayopa."

Akanati ndine wakuba, mwina ndikanapirira. Ndinamenya tebulo mpaka tiyi anatayikira pa mafakisi. Ndinati ngati ndi a masiku asanu, ine sindipita, apeze chitsiru china.

"Palibe mulandu," anatero akupukuta tebulo. "Mubita azayenda."

1995, mwezi wa Ogasiti

Mubita anabwera kunyumba Lamlungu masana, kutatsala masiku awiri kuti anyamuke ndi gulu la azungu asanu ndi mmodzi. Anafuna kubwereka jekete limene ndinagula pa salaula, msika wa zovala za kaunjika, pokonzekera ulendowo. Anali wosangalala ngati mwana. Esinati anali ndi pakati pa mwana wawo wachiwiri.

"Mulamu, niuzeko za phili yako. Ati kuli mphepo yamene inakubweza?"

Ankangoseka monga mwa masiku onse, ndipo chilamu chimalola zimenezo. Koma ine ndinali nditatha miyezi ndikuwira. Malo anga anatenga ndi iye, ndipo anyamata a kumtsinje anali atayamba kundiitana kuti ba ambuya ba ku Tanzania. Mawu onse a Mzee Tarimo anali pakamwa panga. Akanatenga mphindi zisanu. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga jekete, ndinamuponyera pachifuwa.

"Kafunse ba bosi bako. Iwe si ndiwe mwamuna?"

Anatola jeketelo, analikutumula, anati zikomo. Tsiku lonyamuka sindinapite ku basi.

Patatha masiku khumi kunabwera fakisi yonena kuti Mubita wamwalira. Mtembo unafika sabata yotsatira m'bokosi lokhomedwa, limene anatiletsa kutsegula. Esinati sanaone nkhope ya mwamuna wake. Ndi bokosilo kunabwera mayi mmodzi wa m'gulu lija, wachikulire, wa ku Holland, amene anakana kukwera ndege ya kwawo asanaperekeze maliro. Iye ndi amene anandiuza mmene zinayendera, titaima kuseri kwa nyumba ya maliro. Masiku awiri oyamba Mubita ankathamangira ku msasa, kusiya katundu wake, n'kubwerera kudzalandira zikwama za azimayi. Otsogolera ankamuombera m'manja. Tsiku lachitatu mayiyo anamuona akutuluka kuseri kwa mwala akupukuta pakamwa. Anamufunsa, iye anaseka n'kuyamba kuimba. Pa msasa wotsiriza ankatsokomola, akuyenda ngati woledzera. Otsogolera anati apume m'kanyumba, adzamupeza pobwera, ndipo onse anapita pamwamba ndi alendo. Pamene ankabwerako anapeza Mubita akutuluka thovu kukamwa. Anamwalira pa machira a gudumu limodzi, akumutsitsa.

Mayiyo ankalira, akuti sakumvetsa chifukwa chake sananene kuti akudwala. Ine ndinkamvetsa.

Kumanda, monga mwa mwambo, akubanja anapempha abwana a womwalira kuti afotokoze mmene imfa inachitikira, popeza anafera pa ntchito, kutali. Amalume ake a Mubita anali atachokera ku Senanga ndipo nkhope zawo zinali zolimba. Ba Habeenzu anaima, Baibulo m'khwapa. Anayamikira Mubita mpaka amayi anayambanso kulira. Kenako anatsitsa mawu.

"Ise monga kampani sitinafune kuchita vinthu mwachimbulimbuli. Tinatuma munthu kukaona, mulamu wake weniweni, uyu Lakisoni. Tinayenda na bamene anatisankhila. Sitimupasa mulandu, ni mwana."

Sindikumbukira kudumpha mulu wa dothi. Ndimakumbukira anthu anayi atandipanikiza pansi, m'kamwa muli mchenga, ndikutukwana mawu amene sanenedwa pamanda. Amene anaona anati ndaledzera, ena anati ndi chikumbumtima. Ba Habeenzu ankangopukusa mutu mwachisoni, akuuza anthu kuti asandipweteke. Nditadzutsa mutu ndinaona Esinati akundiyang'ana, atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Kenako anatembenuka.

1996

Ntchito inatha tsiku lomwelo. Ku maofesi ena a alendo mbiri inali itafika kale. Mnzanga wina wosema ziboliboli anandipatsa pogwira ku Mukuni Park, kupala mvuu zamatabwa ndi sandipepa n'kuzipaka polishi ya nsapato. Ntchito yokhala pansi tsiku lonse, ine amene ndinkanyoza okhala pansi. Esinati anabereka mwana wamkazi, ndinamva kwa anthu. Abale a mwamuna anatenga katundu wambiri wa m'nyumba, iye anayamba kugulitsa kapenta ndi tomato pa msika wa ku Dambwa. Ndikadutsa, ankawerama n'kumakonza milu imene inali yokonzeka kale. Amayi athu anayesa kutikhazika pansi kawiri. Ulendo uliwonse ndinkayamba ndi kukuwa kuti Habeenzu ndi wabodza, iye ankanyamula mwana n'kutuluka.

Ndinkauza aliyense za bodza la Ba Habeenzu. Za jekete sindinauze munthu.

1997

Chimene chinandisuntha ndi chaching'ono. Mwana wawo woyamba anadutsa pa Mukuni Park ndi anzake pochokera ku sukulu ya mkaka, ndinamuitana, iye anayang'ana kumbali n'kufulumiza. Ndinazindikira kuti akukula akudziwa kuti amalume ake anapha atate ake.

Mawa lake ndinapita kumsika dzuwa lili pamutu, nthawi imene ogula amachepa. Ndinakhala pansi pafupi ndi tebulo lake, pa dothi, manja nditawapanikiza pakati pa mawondo.

"Ba sisi, sininabwele kukamba za Ba Habeenzu. Nabwela kukamba zanga."

Ulendo uno sanachoke. Ndinamuuza za Mzee Tarimo, mawu ake onse. Ndinamuuza kuti ndinkadziwa chimene chimapha anthu ngati ife kuphiri kuja, kuti Mubita anabwera kudzandifunsa, ndipo ine ndinamuponyera jekete chifukwa cha nsanje. Ndinati akanamva, mwina akananena kuti mutu ukuwawa, mwina ayi, koma mwayi umenewo ndinamumana ndine.

Anaingitsa ntchentche pa kapenta.

"Anakuyembekeza pa basi," anatero. "Anauza kondakitala ati imani pang'ono, mulamu wanga azabwela." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Nanga kampani ija, unasankha ndiwe?"

"Awe."

"Ungakambe pamenso pake? Kopanda kumenya munthu?"

Ndinati ndingathe, ngakhale sindinkadziwa ngati n'zoona. Anafunditsa thumba pa katundu wake, anapempha mayi woyandikana naye kuti amuonere, anabereka mwana. Tinayenda wapansi mpaka m'tawuni, iye patsogolo, ine pambuyo.

Ofesi inali itakula, ndipo pakhoma panali chithunzi chachikulu cha phiri lija. Munali alendo awiri ndi mtsikana wolemba. Ba Habeenzu atationa anaimirira, anatambasula manja kwa Esinati.

"Ba mayo, mwabwela! Nkhalani. Mwana akula bwino?" Kenako anandiona bwino, n'kuyang'ana kukhomo ngati akuyesa mtunda wake. "Lakisoni, ngati ni vongo na ndeo, pano pali alendo."

Esinati sanakhale. Ine ndinaika manja kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake mpaka zala zinachita dzanzi. Mawu anga sanakwere.

"Ba Habeenzu, sinizakugwilani. Pa tebulo iyi ninakuuzani kuti titenge mudala wa seveni dezi. Ninakuuzani kuti faivi dezi ipaya anthu. Imwe munakamba ati holide ya muzungu ni ifupi, ati ine nayopa. Munaziba kuti sininalembe kanthu, munaziba kuti tinali babili chabe, ndiye pamanda munanipachika. Ine changa nakamba kale kuli ba sisi: ninaziba, sininamuuze Mubita, ndipo nizafa nacho. Manje aba ni mukazi wake, uyu ku musana ni mwana wamene sanaone atate bake. Bayang'aneni pamenso, osati ine. Bauzeni amene anasankha masiku asanu."